Galimoto Iyi Sichoka Lero

Pa Manjawira panali munthu amene akati galimoto sichoka, sinkachokadi, ngakhale mwini wake atavala tayi. Tinkangowatchula kuti Madala. Umakaniko anakauphunzira ku Bulawayo m'masiku a chitaganya, ndipo chitaganyacho chitatha mu 1963 anabwerera kumudzi ndi bokosi lachitsulo la masipanala, njinga yakapalasa ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa. Galaja yawo inali mthunzi wa mtengo wa bwemba m'mbali mwa msewu, ndi dzenje lokumba ndi khasu lolowera kunsi kwa galimoto. Ine ndinapita kwa iwo ndili mnyamata, nthawi imene kwacha inkalowa m'malo mwa mapaundi mu 1971, anthu akadasokonezeka powerenga matambala. Bambo anga anandiperekeza ndi nkhuku m'manja, nati, "Mwanayu sukulu yamukana. Mumuone ngati manja akewa angagwire kanthu."

Magalimoto a nthawi imeneyo tinkawadziwa ndi kaliridwe asanatulukire n'komwe: malole a Bedford onyamula thonje ndi chimanga cha ADMARC, ma Land Rover a boma ndi a ansembe, ma Peugeot 404 a eni magolosale. Mabasi a UTM anali ndi amakaniko awoawo mumzinda, ndipo pathu ankangoima tayala likaphulika kapena injini ikawira.

Panapita nthawi yaitali ndisanaloledwe kukhudza mabuleki. Ntchito yanga inali yotsuka zitsulo za injini m'parafini, kumata machubu ndi kupopa matayala. Mafuta a mabuleki, amene anyamata a lero amangoti fuluwidi, anali ndi malo akeake, m'kabokosi kamatabwa kopachika pamtengo, kutali ndi oilo ndi girizi. Ankabwera m'zitini zomata zolembedwa Girling kapena Lockheed, maina a mabuleki amene anali pamagalimoto ambiri ochokera ku Britain. A Girling anali ofiira. M'kabokosi momwemo munkakhala fanulo ndi kansalu zimene sizinkagwira ntchito ina iliyonse. Asanatsegule, Madala ankasamba m'manja ndi sopo wa Sunlight, ndipo ine ndinkadabwa kuti munthu amene amadya chinangwa ndi manja akuda bii ndi girizi akusambira chitini.

Sanali munthu wolongolola. Tsiku lina anatenga timarabala tiwiri ta m'silinda, tofanana, takuda. Kena anakaviika m'kachitini ka mafuta a mabuleki, kena m'kachitini ka oilo wa injini, n'kuziika pamphanda ya mtengo. Patapita masiku anandituma kuti ndikazitsitse. Ka m'mafuta a mabuleki kanali momwe kanalowera. Ka mu oilo kanali katatupa ngati ndasi, kofewa lobodo, ndipo nditayesa kukabwezera m'silinda momwe kanachokera kanakana kulowa.

"Ukaponda buleki," anatero, "phazi lako silifika kumawilo. Limakankha pisitoni m'masta silinda, pisitoniyo n'kukankha mafuta, mafutawo n'kuyenda m'mapaipi kukafinya mawilo onse anayi. Chimene chimawaletsa kuthawa ndi timarabala iti. Anthu onse akwera pamwamba pa lole aja atsamira pa timeneti."

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti chilichonse chochokera ku mafuta okumba pansi, kaya oilo wa injini, wa giyabokosi, dizilo, petulo kapena parafini, ndi mdani wa mphira wa mabuleki. N'chifukwa chake zitsulo za mabuleki sitinkazitsuka m'beseni la parafini lija, koma ndi sipiriti kapena ndi mafuta a mabuleki omwewo. Madala ankati mafuta oyambirira, a m'zaka zotsatira 1917 pamene Malcolm Loughead analembetsa luso la mabuleki oyendera mafuta ku America, ankapangidwa ndi mafuta a nsatsi osakaniza ndi sipiriti, chifukwa nsatsi siidya mphira. Nsatsi yomweyi yomera yokha kudzala, imene agogo athu ankadzola. Zimenezi zinkawasangalatsa kwambiri, ndipo ankazibwereza kwa dalaivala aliyense wokhala pansi.

Tsiku limene anandikhazika pampando wa dalaivala kuti tibulide mabuleki ndinadziona kuti ndakula. Iwo analowa m'dzenje ndi sipanala yaing'ono, kapaipi kapulasitiki ndi botolo la Fanta lothira mafuta pang'ono pansi. Tinkayambira wilo la kutali kwambiri ndi masta silinda. Mawu ankachokera kunsi: "Pompa! Pompa! Gwira!" Ine n'kukanikiza, iwo n'kumasula nipo, phazi langa n'kumira mpaka pansi. "Usasiye!" Akamanga, "Siya." M'botolomo munkatuluka thovu, kenako tinthovu ting'onoting'ono, kenako mafuta okhaokha. Pakatipakati ankandikuwira kuti ndikaone mtsuko wa pamwamba usaume, chifukwa ukauma mpweya ulowanso ndipo ntchito iyambiranso. Mafuta safinyika, mpweya umafinyika. Mpweya ukakhala m'paipi, mphamvu ya phazi imathera kuufinya, ndipo buleki imafewa pansi pa phazi pamene galimoto ikupitirira. Otuluka m'botolo aja sitinkawabwezera. Ndipo akadonthera pa penti tinkathamangira madzi, chifukwa amasupula utoto.

Panali bambo wina wogula thonje amene anaima ndi Bedford yodzaza, akuti buleki ikugwira yokha, mawilo akutentha. Madala anatsegula chivindikiro, nanunkhiza, natenga dontho ndi kamtengo n'kulidonthetsera m'kapu ya madzi. Mafuta enieni a mabuleki amasungunuka m'madzi n'kusowa. Dontho ili linayandama pamwamba, likunyezimira.

"Mwathiramo chiyani, bambo?"

"Oilo pang'ono chabe, Madala. Anatithera kutchire, usiku."

"Liti?"

"Sabata yatha. Komatu yakhala ikugwira bwinobwino."

"Galimoto iyi sichoka lero."

Bamboyo anayamba ndi kuchonderera, kenako anatulutsa ndalama, kenako anatukwana. Madala sanayankhe. Anatsegula disitibyuta, nazula rota, naiika m'thumba la ovolosi yawo, n'kupita kukadya. Loleyo inagona pansi pa bwemba mpaka makiti atafika kuchokera ku Limbe. Tinamasula zonse: masta silinda, masilinda a mawilo anayi, mapaipi amphira. Mphira uliwonse unapita kudzala. Mapaipi achitsulo tinawatsuka ndi sipiriti, tinawapemerera ndi pampu, kenako mafuta atsopano mpaka otuluka atayera. Mwini wake ankagona m'kabini, akutiyang'ana ndi diso loipa. Koma chaka chotsatira anabweranso ndi lole ina, ndiponso mbuzi.

Sindikufuna kukunamizani kuti kale zonse zinali zoyera. Magalimoto ambiri a nthawiyo anali ndi njira imodzi yokha ya mafuta, moti paipi imodzi ikabooka mabuleki onse anayi ankathera limodzi. A masiku ano ali ndi njira ziwiri, ina ikafa ina imatsala, ndipo pamenepo pokha lero paposa kale. Zothira madzi a sopo m'mabuleki nazonso si za ana a lero. Zinafala m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu akuzungulira kutali, zipangizo zikusowa, boma la Ntcheu litadzaza ndi abale athu othawa nkhondo. Madalaivala a matola ankasungunula Surf m'botolo n'kuthira. Madala ankadana nazo, koma ankanena chilungamo: madzi a sopo angakuchotse patchire ngati ukuyenda pa giya wani, mopanda anthu kumbuyo, ndipo ukafika uwatulutse tsiku lomwelo. Madzi amawira pa madigiri 100 okha ndipo amadyetsa zitsulo dzimbiri, koma satupitsa mphira. Oilo ndiye woipitsitsa, ngakhale ndi amene amaoneka ngati wachibale m'botolo. Wothira madzi amadziwa kuti walakwa, choncho amayenda mwamantha. Wothira oilo amayenda mtima uli m'malo.

Madala anamwalira dziko litangolowa m'zipani zambiri. Masipanala awo anagawana adzukulu amene sanagwirepo nati. Bwemba uja anaudula, ndipo ndikhulupirira unathera m'matumba a makala amene amaimikidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Zalewa. M'zaka zomwezo zinthu zinatembenuka. UTM inali itagulidwa kale ndi Stagecoach mu 1989, pambuyo pake inakhala Shire Bus Lines, kenako inatheratu. Kwacha anaimasula mu 1994. Kunabwera magalimoto ogwirapo kale ntchito ku Japan, olowera ku Durban, Beira ndi Dar es Salaam, maminibasi a Hiace, kenako ma Sienta onyamula anthu kuposa mipando yake, kenako njinga zamoto za kabaza. Munthu wamba anayamba kukhala ndi galimoto, ndipo chimenecho sindichidandaula. Ndimadandaula kuti magalimoto anachuluka mofulumira kuposa anthu owadziwa.

Zitini zija zinatha. Lero mafutawa ali m'mabotolo apulasitiki olembedwa DOT ndi nambala, potsata muyezo wa unduna wa zamtengatenga wa ku America. Nkhani yaikulu ya nambalayo ndi kutentha. DOT 3 yatsopano siiyenera kuwira isanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230, DOT 5.1 madigiri 260. Zitatuzi n'zamtundu umodzi ndipo zimasakanikirana. Galimoto yofuna DOT 3 mungathe kuithira DOT 4, koma yofuna DOT 4 musaibwezere m'mbuyo. Zonsezi zili ndi khalidwe limodzi loipa, loyamwa chinyezi cha mumpweya kudzera pachivindikiro ndi m'mapaipi amphira. Madzi akalowa osakwana n'komwe magawo 4 pa 100, muyezo womwewo umayembekezera kuti DOT 3 ingatsike kufika pa madigiri 140, DOT 4 pa 155. Mtsetse wautali ndi katundu wolemera zimafikitsa mabuleki pamenepo mosavuta. Mafuta akawira amasanduka nthunzi, nthunzi imafinyika, phazi limamira. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri, ngakhale asanatsike, ndipo botolo lotsegula kale lisasungidwe miyezi. Funsani pa siteji pano amene anasinthapo mafuta a mabuleki popanda chinthu chodontha, muone mmene akusekereni.

Palinso DOT 5 yopanda kadontho, imene imapusitsa anthu chifukwa nambala yake ili pakati pa zinzake. Imeneyo ndi ya silikoni, yamtundu wa pepo, siisakanikirana ndi zitatu zija, ndipo siiyenera kuthiridwa m'magalimoto a ABS. Munthu amaona 5, n'kuganiza kuti waposa mnzake wa 4. Zofunika zonse zinalembedwa pachivindikiro cha mtsuko, koma chivindikirocho chimakhala chakuda ndi fumbi, ndipo wotsegula amakhala akuthamangira pasenjala. Za malole akuluakulu ndi mabasi sindikunenapo, amenewo mabuleki ake ndi a mpweya ndipo ali ndi mavuto akeake. Nawonso amene amapempha timadontho ta mafuta a mabuleki kuti akapake pa chipere, ndimawauza zimene Madala ankawauza, kuti ameneyu ndi poizoni, apite kuchipatala.

Anyamata amene ali ndi magalaja lero sindiwanyoza. Ena amalumikiza kakompyuta kugalimoto n'kudziwa vuto ine ndisanapeze magalasi anga. Chimene alibe ndi mphamvu yokana. Akati galimoto sichoka, dalaivala amangoikankhira kwa mnzake wa pafupi amene anene kuti ichoka. Dalaivalayo naye si woipa mtima. Mwini galimoto akudikira tageti yake madzulo, pa Chingeni pali geti yolipira kuyambira 2021, petulo amasowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa kabotolo kosatsegula unathawa. Ndiye pali ogulitsa mafuta opungulira m'timabotolo ta madzi akumwa, topanda dzina, topanda nambala, tokhala padzuwa pamodzi ndi oilo wa njinga zamoto ndi wa pawa sitiyeringi. Wogula amangoyang'ana mtundu.

Mwana wa mlongo wanga anali mmodzi wa ogula otere. Ndinamulera ndine bambo ake atamwalira, ndipo ankanditcha amalume ngakhale pamene ndevu zake zinayamba kuchita imvi. Anapita ku Joni, anakagwira ntchito yomanga, anabwerako ndi ndalama zogulira kapikapu kakale ka tani imodzi. Ankakapikula mbatatesi ku Tsangano, kabichi ndi tomato ku Lizulu, n'kukagulitsa ku Limbe. Anali mwana wosamala. Matayala ankawayang'ana, oilo ankamuyeza m'mawa uliwonse, mowa sankamwa. Akamadutsa pa Manjawira ankaliza hutala kawiri, ndipo pobwerera ankasiya kathumba ka mbatatesi pakhonde la mayi ake.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake kwa mnyamata amene ankamuthandiza kukweza katundu, amene anapulumuka atathyoka mwendo. Silinda ya wilo lakumbuyo inkadontha pang'onopang'ono. Tsiku lina kukada, nyali yofiira inayaka padashibodi ali kutali ndi sitolo. Anaima pamalo ena ogulitsa za magalimoto, ndipo wogulitsayo anamupatsa kabotolo ka mafuta ofiira, nati ndi omwewo, onse ndi a haidiroliki. Anali a pawa sitiyeringi. Anathira, anaponda, buleki inagwira gwa. Anafika ku Limbe, anagulitsa, anabwerera. Kuipa kwa oilo n'komweko, kuti tsiku loyamba amagwira ntchito bwino lomwe, ndipo munthu amayamika amene wamupha.

Mphira umatupa mwakachetechete. M'masta silinda muli kabowo kakang'ono kobwezera mafuta kumtsuko phazi likachoka pa buleki. Rabala ikatupa imatseka kabowoko, mafuta sabwerera, mabuleki amatsala atagwira pang'ono, ndipo mawilo amayamba kutentha. Mnyamata uja anati kwa masiku angapo ankamva fungo la chinthu chopserera akaima, ndipo tsiku lina anathira madzi pa wilo n'kumva kuti tswee. Anapita nayo kwa makaniko wina, amene anabweza ajasita, anabulida pang'ono, anawonjezera mafuta abwino pamwamba pa oipa aja, nati yatheka. Chivindikiro anachigwira m'manja mwake, koma sanachitembenuze.

Amene anayendapo akudziwa kuti kuchokera kumapiri a Kirk Range kufika kuno kuchigwa msewu umangotsika. Anali atadzaza matumba a mbatatesi kupitirira kabini. Pamtsetse wina anaponda, phazi linamira mpaka pansi. Anapompa, osagwira. Anayesa kubweza giya, inakana kulowa. Kutsogolo kunali amayi osenza mitolo ya nkhuni m'mbali mwa msewu ndi minibasi itaima. Mnyamatayo akuti anangomva mawu amodzi, "Gwiritsa," kenako galimoto inakhotera kuphompho.

Pamaliro anthu ankapepesa mlongo wanga ndi mawu amene timanena tonse, akuti tsoka silinunkha. Ine ndinangowerama. Ili linanunkha sabata yathunthu, ndipo linadutsa m'manja mwa anthu awiri amene ntchito yawo ndi ya magalimoto. Sindinanene pamenepo, chifukwa pamaliro si pophunzitsira umakaniko, ndiponso mlongo wanga anali atagona pamphasa osalankhula, chitenje chili kumutu. Adzukulu atamaliza kumanda, anthu anadya nsima ndi mbatatesi zomwe zija, zimene achibale anakatola pamalo a ngozi. Ine sindinathe kuzimeza.

Kapikapuko anadzakakokera kumudzi. Nditapeza mphamvu ndinapita ndekha m'mawa, ndinakanganula boneti ndi chitsulo. Mtsuko unali wosasweka. Rabala ya pansi pa chivindikiro inali itatupa, yopindikapindika, yosabwereranso m'malo mwake. Chizindikiro chimenechi munthu amachiona ndi maso, osamasula nati ngakhale imodzi. Ndinapempha mdzukulu wanga kapu ya madzi, ndinadonthetsamo dontho, ndipo linayandama, lofiira. Mwanayo anandifunsa kuti, "Agogo, mukuyeza chiyani?" Ndinamuuza kuti abweze kapuyo akaitaye, asamwerenso.

Chikhala kuti usiku uja wina anamuuza kuti wathira zolakwika asanaponde buleki, ntchito inali yochepa: kuyamwa zonse mumtsuko ndi jakisoni, kuumasula, kuutsuka kapena kuusintha, n'kuthira oyenera. Atangoponda, oilo analowa m'masta silinda ndi m'mapaipi, ndipo kuyambira pamenepo kubulida kokha sikuchiza. Mphira umene wamwa oilo subwerera. Pamafunika zimene tinachita pa Bedford ija: galimoto iime, ikokedwe, rabala iliyonse ichoke, mapaipi amphira asinthidwe, achitsulo atsukidwe. Pagalimoto ya ABS n'zodula koposa, chifukwa m'kabokosi kake namonso muli mphira. Ndalama zake zikanamupweteka mphwangayo, mwina akanaphonya msika milungu iwiri, mwina akanakongola. Akanatukwana monga anatukwanira wathonje uja. Koma panalibe munthu woti azule kanthu m'injini n'kuika m'thumba.

Abale anagwirizana zogulitsa zotsala kuti mkazi wake apeze fizi ya ana. Anabwera anyamata a zipangizo zakale ochokera ku Balaka, anatenga injini, giyabokosi, difu, zitseko, ngakhale mipando. Asanafike, ine ndinali nditamasula kale masta silinda, masilinda a mawilo ndi mapaipi onse amphira. Kunja kwake zinkaoneka zabwinobwino, ndipo ndikudziwa kuti zikanapukutidwa n'kukamangidwa pagalimoto ya mwana wa munthu wina. Ndinaziphwanya ndi hamala pamwala, n'kuziponya m'chimbudzi. Mlamu wanga mpaka lero amauza anthu kuti ukalamba wandizunguza mutu, ndinataya ndalama za ana amasiye.